Khola la nkhono padoko la New York: lipoti la chaka chimodzi ndi kalabu ya sayansi

Tsiku loyamba limene tinavuula khola lathu m'madzi, mtsikana wina anatseka mphuno n'kubwerera m'mbuyo mpaka kukatsamira mpanda. Anandiuza kuti madzi amenewo sangawakhudze ngakhale nditamulonjeza ndalama. Mwanayu anabadwira mumzinda uno, kwawo ndi pafupi moti kugombe amatha kufikako wapansi, koma anali asanaviikepo chala m'madzi a padoko. Anzake ambiri analinso chimodzimodzi. New York ndi mzinda wa pazilumba, magombe ake onse akaphatikizidwa amapitirira makilomita 800, koma mwana akhoza kukula mpaka kumaliza sekondale madziwo akungowaonera pazenera la sitima.

Ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ina ya boma ku Brooklyn, ndipo ana akaweruka ndimatsala ndi kagulu ka kalabu ya sayansi, ana a zaka 11 mpaka 13. Lipoti ili ndi la chaka chimodzi cha sukulu chimene kalabuyo inasamala khola la nkhono mogwirizana ndi bungwe losachita malonda la Billion Oyster Project. Ndalemba zonse, ndi zolakwa zanga zomwe, chifukwa aphunzitsi anzanga akamandifunsa za bungweli amafuna kumva za cholinga chake chobwezeretsa nkhono biliyoni, pamene ine phindu lalikulu ndinalipeza pa nkhono zimene zinafa.

Nkhono zake ndi doko lake

Sindikunena nkhono zija zokwawa pakhoma nthawi ya mvula. Izi ndi za m'nyanja ya mchere, za zigoba ziwiri zotsekana ngati chivundikiro cha bokosi. Kuno amazitcha oyster, ndipo mtundu wa kugombe lino dzina lake la sayansi ndi Crassostrea virginica. Ine ndizingoti nkhono. Madzi akafunda kupitirira madigiri 20 zimaswana, yaikazi imodzi kutulutsa mazira mamiliyoni. Timphutsi tobadwato timayandama masabata awiri kapena atatu, kenako timamera kaphazi n'kuyamba kufufuza chinthu cholimba choti timatirirepo. Kakamatirira, pamenepo ndiye pamudzi pake mpaka imfa. Malo amene timakonda koposa ndi chigoba cha nkhono inzake, n'chifukwa chake nkhono zimamangana pamwamba pa makolo awo mibadwomibadwo mpaka kupanga milu ikuluikulu pansi pa madzi, ndipo m'mipata ya miluyo mumabisala nkhanu, tinsomba ndi tizilombo tosawerengeka. Kudya kwake ndi kusefa: imakoka madzi, kutolamo ndere zosaoneka ndi maso, zotsalazo n'kuzimata m'mamina ake n'kuzigwetsera pansi.

Woyenda panyanja wa ku England Henry Hudson atalowa padokoli mu 1609, milu imeneyi akuti inkakuta maekala pafupifupi 220,000. Eni dziko, a Lenape, ankazidya n'kumasiya mitumbira ya zigoba m'magombe. Zilumba zimene lero timati Ellis Island ndi Liberty Island atsamunda oyamba ankazitchula dzina la nkhono. M'zaka za m'ma 1800 nkhono zinali chakudya cha aliyense, zogulitsidwa m'misewu ngati mmene timagulira chimanga chootcha padepoti. Kenako anthu anakolola mopitirira muyeso, anakumba ngalande zoti sitima zikuluzikulu zizidutsa, anakwirira madambo kuti amangepo, ndipo zonyansa za m'zimbudzi za mzinda wonse zinkathiridwa m'madzi zosayeretsa. Anthu atayamba kudwala tayifodi chifukwa cha nkhono, minda ya nkhono inatsekedwa umodziumodzi, womaliza mu 1927. Lamulo loteteza madzi la Clean Water Act la 1972 linathandiza kwambiri moti madzi anayambanso kusunga zamoyo, koma nkhono sizinabwerere mwaunyinji. Makolo oswana anali ochepa, ndipo timphutsi tochepa tobadwato tinkapeza pansi pali matope okhaokha, popanda chigoba chomatirapo.

Bungwe ndi sukulu ya pachilumba

Ntchitoyi inabadwira m'sukulu. New York Harbor School, sekondale ya boma yophunzitsa za panyanja, inatsegulidwa mu 2003 ku Bushwick, dera la Brooklyn lomwe silili pagombe nkomwe, ndipo mu 2010 inasamukira pa Governors Island, kachilumba kamene kale kanali malo a asilikali. Ana amapitako pa boti m'mawa uliwonse. Murray Fisher, mmodzi wa amene anayambitsa sukuluyo, ndi Pete Malinowski, amene anakulira pafamu ya nkhono ku Fishers Island ndipo ankaphunzitsa ulimi wa m'madzi pasukulupo, anakhazikitsa Billion Oyster Project mu 2014. Cholinga chawo ndi kubwezeretsa nkhono 1 biliyoni padoko pofika 2035.

Kayendedwe ka ntchito ndi kosavuta kukamva. Malesitilanti a mumzinda amagulitsa nkhono zolimidwa kwina kumadzi oyera, ndipo m'malo motaya zigoba kudzala amazisunga kuti galimoto ya bungwe idzatenge. Zigobazo zimaunjikidwa panja kwa chaka chathunthu kuti dzuwa, mvula ndi tizilombo ziziyeretse. Kenako zimaikidwa m'mathanki a madzi a padoko, n'kuthiramo timphutsi, ndipo pakapita masiku chigoba chilichonse chimakhala ndi timadontho, tiana ta nkhono. Zimenezo ndizo zimakaikidwa padoko m'makola achitsulo. Ana a Harbor School alimo paliponse, aliyense molingana ndi luso limene akuphunzira: a ulimi wa m'madzi amalera timphutsi, owotcherera amapanga makola, oyendetsa maboti amanyamula katundu, odumphira pansi pa madzi amakaona mmene milu ikukhalira, a kafukufuku amayeza. Bungwe lili ndi antchito ake olipidwa ndi akatswiri, sikuti ana akusenza zonse, koma chimene mwana wawotcherera chimakalowadi m'madzi, ndipo akawotcherera mwaulesi chimakamasuka. Pamene zigoba zinachepa panagwiritsidwanso zina. Ku Jamaica Bay, gombe lina la mumzinda womwewu, mu 2016 nthambi ya mzinda yoona za chilengedwe, pamodzi ndi bungweli, inayala pansi zidutswa za zimbudzi zadothi pafupifupi 5,000 zochotsedwa m'sukulu za boma. Ana a kalabu yanga nkhani imeneyi saiiwala, ngakhale ataiwala zina zonse.

Masukulu wamba ngati yathu, oposa 100 tsopano, amalowamo kudzera pa chimene amachitcha Oyster Research Station. Dzina ndi lalikulu koma chinthu chake ndi kakhola ka waya, kofanana ndi mono, kokhala ndi nkhono zamoyo, kolendewera pa chingwe m'mbali mwa doko. Mphunzitsi amayamba waphunzitsidwa kaye, ndipo maphunziro a ana a msinkhu uwu anakonzedwa mothandizana ndi Pace University ndi ndalama za National Science Foundation. Gulu likatenga khola limalonjeza kumalichezera, kuyeza nkhono ndi madzi, ndi kutumiza manambala ku bungwe pa intaneti.

Mmene tinayambira

Tinayamba mu Seputembala madzi akadali ofunda. Ntchito isanafike kugombe inadya nthawi yambiri kuposa ntchito ya kugombe: makalata a chilolezo kwa makolo, ena m'Chisipanishi, kupeza wamkulu wachiwiri woperekeza, magulovu, ndowa, ndi majekete oyandamitsa kwa amene ayandikire m'mphepete. Chimene sindinachiganizire ndi chakuti nyanja ilibe ntchito ndi belu la sukulu. Madzi padokoli amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, kusiyana kwake pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo nthawi yake imachedwerako mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Ine wokulira kudziko lopanda nyanja ya mchere ndinkaziwerenga m'buku zimenezi, koma zinandilowa m'mutu tsiku limene tinafika n'kupeza masitepe amene tinaimapo ulendo wapitawo ali pansi pa madzi. Kuyambira pamenepo mnyamata mmodzi anapatsidwa udindo wowerenga tchati cha kukwera kwa madzi ndi kutiuza tsiku loyenera kupita.

Khola likatuluka m'madzi limalemera, likuchucha, litamera zinthu zoterera. Tinkaliika m'beseni kuti zothawa zisabwerere m'madzi tisanaziwerenge, ndipo apa ndi pamene phokoso limayambira. Tinkhanu takuda tokhala m'matope tinali mbwee, kunali timashirimpu toonekera mkati ngati galasi, ndi tinthu tina tofewa tonga mphesa timene ukatifinya timalavula madzi. Timeneti tinasokoneza ntchito kwa mphindi zingapo chifukwa aliyense anafuna kulavulira mnzake. Sindinawaletse msanga. Mwana amene wafinya kanthu kuti anyowetse mnzake wakagwira kale ndi dzanja, ndipo funso loti kodi ndi nyama kapena chomera linabwera lokha.

Ana ndinawagawa patatu. Gulu loyamba linkayeza madzi: kutentha, mchere, mpweya wa okosijeni wosungunukamo, ndi kuda kwake pogwiritsa ntchito chubu choonekera chokhala ndi chizindikiro pansi, chimene umathiramo madzi mpaka chizindikirocho chitasowa. Lachiwiri linkawerenga ndi kujambula zamoyo za m'beseni. Lachitatu linkayeza nkhono ndi caliper, kachida kotsetsereka koyeza mamilimita, n'kumalemba yamoyo ndi yakufa. Yamoyo imatseka gwa, sungaitsegule ndi zala. Yakufa imangoti yasa, kapena ukaigogoda imalira ngati chikho chopanda kanthu.

Nkhono zimene zinafupika

Pa ulendo wachiwiri, mu Okutobala, tinabwerera kusukulu ndi manambala osonyeza kuti nkhono zathu zafupika. Ana anasangalala, anaganiza kuti atulukira chinthu chatsopano. Wina anati zikuchepa chifukwa cha njala, wina anati madzi oipa akusungunula zigoba. Ine ndinadziwa kuti vuto lili pa ife, koma ndinadziletsa kuyankhula, chinthu chovuta kwa mphunzitsi kuposa mmene anthu amaganizira. Ndinangotulutsa chigoba chimodzi chouma m'kabati n'kuuza aliyense kuti achiyeze mobisa ndi kulemba yankho pakapepala. Titatsegula timapepalato, mayankho anali osiyana ngati ayeza zinthu zisanu. Ena anayeza kuchokera pamfundo yolumikiza zigoba kukafika kumlomo, monga malangizo amanenera, ena anayeza chopingasa, ndipo mmodzi ankawerenga masentimita n'kumalemba ngati mamilimita. Mu Seputembala anayeza ndi ana ena, mu Okutobala ena, chifukwa ndinawasinthanitsa magulu kuti aliyense alaweko zonse.

Mkangano umene unatsatira ndi umene ndimaukumbukira koposa. Funso linali loti manambala a Okutobala titumize kapena ayi. Mtsikana uja wotseka mphuno ndi amene analimbikira kuti tisatumize, ati kuli munthu kwinakwake amene akawakhulupirira. Mnyamata wina anati tingowakonza kuti aoneke bwino, palibe adziwe. Anzake anamukalipira okha, ine ndisanatsegule pakamwa. Anagwirizana kuti atumize za madzi zokha, alembe kuti za kutalika zinalakwika, ndipo kuyambira tsopano nkhono iliyonse iziyezedwa ndi anthu awiri, wachitatu akulemba. Zaka zonse zimene ndaphunzitsa mutu wa zolakwika pa kuyeza, ndi zitsanzo pabolodi ndi mayeso pamapeto, sindinaonepo ana akukwiya chifukwa cha nambala. Anakwiya tsiku limenelo chifukwa nambalayo inali ndi kopita kunja kwa kalasi.

Chingwe

Kumapeto kwa Novembala ndinapita ndekha kukaona khola chisanu chisanalimbe, ndipo ndinapeza chingwe chaperepeseka pamene chimakhulana ndi konkire. Ndinagula china, ndinamangirira, ndinabwerera kunyumba ndikudziyamikira. Sindinayeze chakale, sindinafunse aliyense, ndipo madzi anali atakwera moti khola linkaoneka kuti likulendewera bwinobwino. Safunsa anadya phula.

Nyengo yozizira nkhono zimaleka kudya, zimangotseka n'kudikira, choncho ifenso tinakhala m'kalasi. Tinajambula magirafu, ndipo tinaika nkhono zogula pamsika m'thanki ya madzi amchere osakaniza ndi ndere kuti ana aone madzi akuyera poyerekeza ndi thanki yopanda nkhono. Chionetsero chimenechi n'chokongola ndipo chimagwira mtima, koma ndibwereranso kwa icho.

Mu Epulo tinabwerera kugombe. Khola linakana kutuluka, tinachita kulikoka anthu atatu, ndipo litatuluka theka lake linali bii ndi matope onunkha ngati dzira lovunda. Nkhono zambiri zinali yasa. Ana anangoti zii. Mnyamata wa tchati uja anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti talephera?" Mtima wanga unali utandiuza kale chimene chachitika, ndipo manyazi anandigwira. Ndikanatha kuvomera pomwepo. Ndinasankha kuwauza kuti ndili ndi ganizo langa koma ndilinena pomaliza, iwo ayambe apeza lawo.

Tinanyamula zigoba zakufa m'matumba awiri, za m'munsi mwa khola padera, za pamwamba padera, ndipo masabata atatu otsatira kalabu inasanduka bwalo la milandu. Oganiziridwa anali asanu. Woyamba anali chisanu, koma ana anapeza kuti nkhono za mtundu uwu zimakhala mpaka ku Canada kumene kumazizira koposa, ndiponso chisanu chikanapha za pamwamba ndi za pansi mofanana. Wachiwiri anali kankhono kena kolusa kamene kamaboola chigoba n'kudya za mkati. Kameneka kamasiya kabowo kozungulira bwino ngati kobooledwa ndi singano, ndipo atafufuza chigoba chilichonse ndi galasi lokulitsa anapeza timabowo pa zochepa kwambiri. Wachitatu anali kuchepa kwa mchere. Madzi a nyanja yaikulu amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita, a padoko amachepera apo chifukwa amasakanikirana ndi a mtsinje wa Hudson, ndipo mvula ikachuluka kwa nthawi yaitali nkhono zimavutika. Koma manambala athu a mchere sanatsikepo moopsa, ngakhale mtsikana wina ananena zoona kuti miyezi inayi sitinayeze kalikonse, ndiye sitingalumbire. Wachinayi anali zonyansa za m'zimbudzi, amene ana ambiri ankafuna kuti apezeke wolakwa.

Wachisanu anali matope. Amene anamasula mfundo anali mwana wachete amene chaka chonse ankangojambula. M'kope lake munali chithunzi cha khola monga linatulukira, ndi mzere woonetsa pamene matope analekezera, ndipo anaonetsa kuti pafupifupi zonse za pansi pa mzerewo zinafa pamene za pamwamba zambiri zinali zamoyo. Nkhono yokwiririka singathe kukoka madzi, imabanika, ndipo fungo la dzira lovunda ndi chizindikiro cha matope opanda okosijeni. Funso linatsala loti khola lolendewera linafika bwanji pansi. Mnyamata wa tchati anapempha kuti tikayeze chingwe ndi kuya kwa madzi ataphwa. Tinapita, tinayeza ndi mwala womangirira ku ulusi, ndipo chingwe chinapezeka chotalika kuposa mtunda wochokera pomangirira kukafika pansi. Kenako wina anati chingwechi n'chabuluu, cha mu Seputembala chinali choyera. Maso onse anatembenukira kwa ine.

Ndinavomera. Anaseka mpaka ena kugwa pansi, ndipo dzina limene anandipatsa sindilemba muno. Koma lipoti limene analemba lopita ku bungwe linali ntchito yabwino koposa ina iliyonse imene kalabuyo yatulutsapo: chimene chinachitika, zimene anaganizira, umboni wotsutsa chilichonse, ndi chiganizo chonena poyera kuti za mchere sangatsimikize chifukwa panalibe woyeza. Sindikulangiza mphunzitsi aliyense kupha nkhono dala. Ndikungoti m'buku zoyesera zonse zimatha bwino ndipo yankho lili kumapeto kwa mutu, pamene apa yankho linalibe polikopera.

Zimene nkhono sizingachite

Tsopano za thanki ija. Nambala imene aliyense amaitchula ndi yakuti nkhono yaikulu imodzi ikhoza kusefa magaloni 50 a madzi pa tsiku, malita pafupifupi 190. Mawu oti "ikhoza" ndi amene amatayika panjira. Zimenezo zimachitika madzi akakhala ofunda bwino, chakudya chilipo, nkhono ili yaikulu ndi yathanzi. M'nyengo yozizira sisefa kanthu. Ana akaona thanki ikuyera n'kumva nambala imeneyi amachulukitsa ndi biliyoni n'kuganiza kuti vuto la doko latha, ndipo akuluakulu ambiri amaganizanso choncho.

Silinathe. Mbali yaikulu ya mzindawu, pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse, ili ndi mipaipi yakale imene imanyamula pamodzi madzi a mvula ndi zonyansa za m'nyumba. Kukakhala kouma zonse zimapita kumalo oyeretsera, amene alipo 14. Mvula ikagwa yambiri mipaipi imadzaza, ndipo zosefukira zimathiridwa padoko zosayeretsa, magaloni mabiliyoni chaka chilichonse. Nkhono sizingathetse zimenezo, yankho lake ndi mipaipi, mathanki ndi ndalama za boma. Ndiponso chimene nkhono yasefa china chimatsala m'thupi mwake, n'chifukwa chake za padokoli sizidyedwa, ndipo akuluakulu a boma amaopa kuti wina angazibe n'kukazigulitsa. Mantha amenewa si nthabwala: mu 2010 boma la New Jersey, tsidya lina la madzi omwewa, linaletsa kuweta nkhono za kafukufuku m'madzi oipitsidwa, ndipo bungwe la NY/NJ Baykeeper linakakamizika kuzula zake.

Ndinapatula tsiku lonse kukambirana zimenezi ndi ana, chifukwa ndimaona kuti pulogalamu ya sayansi imene ikusiya mwana ndi chikhulupiriro chokoma koma chabodza yamulakwira. Tinayerekeza manambala athu a kuda kwa madzi ndi masiku amene kunagwa mvula, tinapeza pamapu paipi yosefukira yoyandikana ndi khola lathu, ndipo ena anadabwa kumva kuti madzi a m'bafa la kwawo akhoza kukathera pamenepo. Phindu lenileni la milu ya nkhono limene ndingaliikire kumbuyo ndi malo okhala zamoyo zina, zimene tinaziona ndi maso m'beseni, ndi kuthandiza kufooketsa mafunde pagombe. Mfundo yachiwiriyi inayamba kumveka kwambiri chimphepo cha Sandy chitawononga mzinda mu 2012, ndipo ndi imene ili kumbuyo kwa makhoma a miyala a Living Breakwaters kufupi ndi Tottenville ku Staten Island, amene anapangidwa kuti nkhono zizimerapo.

Za biliyoni, bungwe lapitirira nkhono 100 miliyoni zoikidwa m'madzi, ntchito yaikulu ndithu, koma kuika si kupulumuka, ndipo 2035 sikutali. Chizindikiro chimene akatswiri amachiyang'ana ndi chakuti kodi nkhono zayamba kuswana zokha n'kumatirira popanda munthu kuzibweretsa. Kaya nambalayo idzakwana kaya ayi, ine monga mphunzitsi sindigona nayo m'maganizo.

Amene amafikako ndi amene safikako

Pali chinthu chimodzi chimene chimandivutitsa. Kalabu ndi ya ana amene angathe kutsala akaweruka. Amene amathamangira kukatenga mng'ono wake kusukulu ya mkaka, kapena kukathandiza mayi ake pashopu, sabwera, ndipo kawirikawiri ndi amene akanapindula koposa. Ndinataya ana awiri mwa njira imeneyi Khirisimasi isanafike, mmodzi wa iwo wodziwa manambala kuposa onse. Khola limaperekedwa, maphunziro a mphunzitsi amaperekedwa, koma maola a mphunzitsi ndi mtolo wa pakhomo pa mwana palibe bungwe limene lingazinyamule. Chaka chamawa ndapempha akuluakulu a sukulu kuti maulendo awiri achitike m'nthawi ya kalasi, ndi ana onse, ngakhale ndikudziwa kuti ana 30 m'mphepete mwa madzi ndi nkhani ina.

Mnzanga wina amene amaphunzitsa ku Blantyre anandifunsa ngati pali chotengapo, popeza nkhono izi sizikhala m'madzi opanda mchere. Ndinamuyankha kuti nkhono azisiye kuno. Ine ndinaphunzira sayansi zida zake zikujambulidwa pabolodi, ndipo kukoleji anatiphunzitsa TALULAR, kugwiritsa ntchito zopezeka pafupi, koma tinkaimva ngati kupanga zida ndi mabotolo basi. Chimene khola linachita n'chakuti linapatsa ana malo amodzi obwererako, chinthu chamoyo chotha kufa, ndi munthu wakunja woyembekezera manambala awo. Mtsinje wa Mudi uli pakati pa tauni, ndipo ku South Africa anakonza kale njira yotchedwa miniSASS, yoti ana aweruze thanzi la mtsinje poona tizilombo topezeka pansi pa miyala, ndi kaneti ndi beseni loyera. Chovuta kupeza chingakhale chachitatucho, wolandira manambala amene akawawerengadi.

Ulendo womaliza

Mu Juni tinapita komaliza, chingwe chitafupikitsidwa ndi kuikidwa chizindikiro cha tepi pamene chiyenera kulekezera. Nkhono zotsala zinali zitamera mlomo watsopano, wopyapyala ndi wakuthwa ngati chikhadabo, ndipo ulendo uno oyeza awiri ankagwirizana pafupifupi pa iliyonse. M'beseni munagweranso nsomba yamutu waukulu, yonyansa nkhope, imene kuno amati oyster toadfish, ndipo itangoikidwa m'ndowa inayamba kudzuma ngati chule. Amene anaitulutsa m'khola ndi magulovu, akukalipira anzake kuti asaike zala kukamwa kwake, anali mtsikana uja wa kumpanda. Sananene chilichonse chokhudza tsiku loyamba ndipo ine sindinamukumbutse.

Manambala tinatumiza madzulo omwewo. M'kope la kalabu, patsamba loyamba limene ana a chaka chamawa adzaliwerenge, mnyamata wa tchati analemba kutalika kwa chingwe m'masentimita, kuya kwa madzi akaphwa, ndi lamulo lakuti wosintha chingwe, kaya ndi mphunzitsi, ayambe wasainitsa kwa ana awiri. Maulendo a m'nyengo yozizira anawaikanso pandandanda, kamodzi pamwezi, oyeza mchere okha, ndipo dzina langa analilemba pa Januwale.